Mutu 9: Chidakwa cha ku Chigwa Chikafuna Kusiya

Ku Chigwa cha Shire mowa si mlendo. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, nsembe yopempha mvula kwa Mbona imayenda ndi mowa. Pa dima anthu ankalimira mowa, pa sadaka ankakumbukira womwalira ndi mowa, ndipo mlandu ukatha pabwalo akuluakulu ankapatsirana chipanda. Koma mowa wa makolo udali ndi malire ake. Masese amafuna chimera, nkhuni ndi masiku angapo ofulula, ndipo akapsa sachedwa kusasa. Uchema wogomedwa m'mawa, pofika mawa lake wasanduka china. Munthu ankaledzera ndithu, mwina masiku awiri otsatizana, kenaka mbiya zinkauma, aliyense n'kubwerera ku khasu lake.

Kachasu alibe malire amenewo. Saola, sasasa, amakwana m'thumba la buluku, ndipo amapezeka Lolemba m'mawa monga mmene amapezekera Loweruka usiku. Zotchezera zake chigwa chili nazo zonse: madeya, masau nyengo yake ikafika, ndi shuga, amene wakhala akupangidwa ku Nchalo kuyambira zaka za m'ma 1960. Kenaka kudabwera mowa wa m'masacheti, wotchipa moti ngakhale mwana wa sukulu ankaukwanitsa. Boma lidauletsa m'chaka cha 2015, makampani adathamangira kukhoti, chiletso chidakhalabe, koma mowa womwewo udangosamukira m'timabotolo ta pulasitiki. M'chaka cha 2017 dziko lidakhazikitsa ndondomeko yake yoyendetsera nkhani za mowa. Pepala lilipo. Velemoti ya kachasu nayonso ilipo, ndipo imatha kumwedwa pangongole.

Kafukufuku wa zaumoyo amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti m'Malawi amuna pafupifupi atatu mwa khumi alionse amamwa mowa, ndipo mmodzi mwa asanu amamwa mopyola muyezo. Amayi akumwa adali ochepa kwambiri. Pa dziko lonse, WHO ikuti mowa udapha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni m'chaka cha 2019 chokha. Si onse akumwa kwambiri amene ali zidakwa. Chosiyanitsa chimaoneka m'mawa. Wina amadzuka ndi matsire, amamwa madzi, n'kulumbira kuti sabwerezanso mpaka mwezi uthe. Wina amadzuka manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, ndipo sangagwire chikwanje kapena chiwongolero cha kabaza asanalawe kaye pang'ono "kuti achotse matsire". Wachiwiriyu thupi lake lazolowera kugwira ntchito mowa uli m'magazi. Mutu uno ukunena za iyeyu.

Masiku oyamba ndiwo oopsa

Achibale ambiri amaganiza kuti mankhwala a uchidakwa ndi kumutsekera munthu m'nyumba, kumulanda ndalama, kapena kumutengera kuphiri kukasala kudya mpaka chiwanda cha mowa chituluke. Cholinga n'chabwino, koma njirayi ikhoza kupha.

Mowa umagonetsa ubongo. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, ubongo umadzikokera mbali inayo, umakhala wogalamuka mopitirira kuti uthe kulimbana ndi tulo ta mowato. Ukachotsa mowa mwadzidzidzi, kugalamuka kuja kumatsala kopanda choletsa. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, munthu amayamba kunjenjemera, kuchita nseru, kusowa tulo, mtima kugunda mothamanga. Pa tsiku loyamba kapena lachiwiri ena amagwa ngati a khunyu. Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi ndi pamene ochepa amafika pa vuto loopsa kwambiri lomwe madokotala amalitcha delirium tremens. Wodwala sadziwa komwe ali, amaona njoka ndi tizilombo pakhoma, amamva mawu a anthu omwe palibe, thupi limatentha, ndipo popanda chithandizo ena amamwalira. Kumudzi izi zikachitika nkhani imasanduka ya ufiti, kapena amati wapenga. Tangoganizani zimenezi zikuchitikira munthu wosadya, m'nyumba ya malata, mwezi wa Novembala ku Ngabu, kunja kukutentha kupitirira madigiri 40.

Chodabwitsa n'chakuti chithandizo cha masiku amenewa sichodula. Mankhwala ake aakulu ndi diazepam, amene amaperekedwa mochuluka tsiku loyamba n'kumachepetsedwa pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Pambali pake pamafunika madzi, chakudya, ndi vitamini B1, chifukwa chidakwa chimakhala chitaperewera vitamini ameneyu, ndipo kuperewera kwake kumaononga ubongo mpaka munthu kumaiwala zomwe wauzidwa mphindi zapitazo, osachiranso. Zonsezi chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje chikhoza kuchita, mankhwala akakhalapo. N'chimodzimodzi zipatala za mishoni monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona. Chofunika n'chakuti wachibale anene zoona kwa adokotala: bambowa amamwa tsiku lililonse, ndipo amwa komaliza dzana. Anthu ambiri amabisa, amangoti "akudwala malungo", dokotala n'kumafufuza kolakwika.

Chamba nkhani yake ndi ina. Wosiya chamba amakwiyakwiya, sagona, safuna kudya kwa sabata imodzi kapena ziwiri, koma kusiyako sikupha. Choopsa cha chamba n'chakuti ena, makamaka oyamba kusuta ali anyamata, chimawasokoneza mutu. Lamulo la 2020 lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, koma chosuta chikadali choletsedwa.

Kukwera phiri

Kuchotsa mowa m'thupi ndi ntchito ya sabata imodzi. Kuchotsa munthu mu mowa ndiye ntchito. Apa ndi pamene pamabwera malo ogonera, kumene munthu wamkulu amakakhala milungu ingapo kutali ndi shabini, akuphunzira kukhala wosaledzera. Kwa munthu wa ku Chigwa, malo odziwika otere ali kumtunda.

Ambiri amathera ku Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo. Mbiri yake idayamba m'chaka cha 1910, pamene atsamunda adapatula malo osungira "amisala" pafupi ndi ndende ya Zomba, ndipo chipatala chenichenicho chidatsegulidwa m'chaka cha 1953. Mowa ndi chamba ndi zina mwa zifukwa zikuluzikulu zogonekera amuna kumeneko. Koma ku Zomba munthu amafikako zinthu zitaipa kale: wamenya anthu, wavula, kapena wayesa kudzipha. Ntchito yaikulu ya chipatalachi ndi kukhazika mutu pansi, ndipo odwala ndi ambiri kuposa ogwira ntchito. Komanso dzina lokhalo limalemera. Amene wabwera ku Zomba, ngakhale atachira bwanji, pabwalo la amfumu mawu ake amapepuka, ndipo ankhoswe a mkazi amayamba kunong'onezana.

Malo amene adakonzedwera uchidakwa weniweni ndi a St John of God. Abale a chipani chimenechi cha Katolika adafika ku Mzuzu kuchokera ku Ireland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pake adatsegula malo ena ku Area 43 mu Lilongwe. Woyambitsa chipanichi, amene adamwalira ku Granada m'dziko la Spain m'chaka cha 1550, adatsekeredwapo iye mwini m'nyumba ya amisala, n'kulawa mkwapulo umene nthawi imeneyo unkatchedwa mankhwala. Ku Mzuzu abalewa ali ndi sukulu yophunzitsa anamwino, madokotala ndi alangizi a za maganizo, ndipo ophunzira kumeneko akugwira ntchito m'zipatala zambiri za m'maboma. M'mizinda mwatsegulidwanso malo ena, a mipingo ndi a anthu wamba, ena abwino, ena ongofuna ndalama. Funso loyamba lowafunsa ndi lakuti: kodi muli ndi namwino kapena dokotala usiku? Akayankha mozungulira, bwererani.

Tsono werengani mtunda. Kuchokera pa boma la Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, kudutsa Bangula, Ngabu, Nchalo, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kukwera zitunda zokhotakhota za ku Thabwa. Kuchoka apo kukafika ku Lilongwe ndi makilomita ena opitirira 300, ndipo Mzuzu ali patsogolo mtunda wina wonga womwewo. Wa ku Makhanga kapena ku Muona nthawi ya dzinja amayamba ndi bwato. Wodwala sayenda yekha, ndiye thiransipoti ndi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera. Onjezani malipiro a kumaloko, ndi mwezi wathunthu wopanda ganyu. Banja lokhala ndi ng'ombe limagulitsa imodzi. Lopanda ng'ombe limapita kwa wakatapila kapena limangokhala. Tinene mosabisa: malo ogonera ndi a aphunzitsi, apolisi, akalaliki a ku kampani ya shuga ndi ana a anthu opeza bwino. Wodula nzimbe ndi msodzi wa ku Elephant Marsh safikako.

Zochitika m'kati

Amene sadalowemo amaganiza kuti kuli jakisoni wodanitsa munthu ndi mowa. Kulibe. Chimene chili m'malo otere pa dziko lonse ndi ndondomeko ya tsiku. Kudzuka nthawi imodzi, kuyala bedi, kudya katatu, kugwira kantchito, kugona usiku. Zikumveka zachibwana, koma munthu amene kwa zaka khumi wotchi yake yakhala chibaba amayenera kuphunziranso zimenezi. Pamakhala maphunziro a mmene mowa umaonongera chiwindi, kapamba, mitsempha ndi mphamvu za m'banja. Pamakhala kukambirana ndi mlangizi paokha. Koma mtima wa zonse ndi gulu: anthu asanu ndi atatu kapena khumi kukhala mozungulira, aliyense kunena zake. Chidakwa chikhoza kunamiza mkazi, abusa ndi adokotala, koma chidakwa chinzake chimadziwa bodza lililonse chifukwa chidalinenapo.

Nzeru imeneyi idachokera ku America. M'chaka cha 1935, mumzinda wa Akron, zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zidapeza kuti zikamalankhulana zimatha kutsiriza tsiku osamwa. Apo ndi pamene padayambira gulu la Alcoholics Anonymous. M'chaka cha 1949 malo otchedwa Hazelden adatsegulidwa ku Minnesota, ndipo m'dera limenelo mudakula njira yophatikiza madokotala, alangizi ndi zidakwa zosiya pansi pa denga limodzi. Masiku 28 amene malo ambiri amatsata adachokera kumeneko, ndipo adakhazikika kwambiri chifukwa ndiwo masiku amene makampani a inshuwalansi ankavomera kulipira. Palibe chimene chimachitika mu ubongo pa tsiku la 28 chomwe sichidalipo pa tsiku la 27.

Mankhwala othandiza alipo ndithu. Naltrexone ndi acamprosate amachepetsa chibaba, ndipo disulfiram amadwalitsa munthu akangolawa mowa. Koma kwathu kuno sapezeka wamba, ndipo amagwira ntchito pokhapokha womwayo akufuna. Zothira mobisa mu mowa wa bambo kuti asanze, zimene amayi ena amakatenga kwa asing'anga, zimangoonjezera poizoni pa chiwindi chotopa kale.

Kutsika phiri

Pali kafukufuku wina amene aliyense woganiza za malo ogonera ayenera kumudziwa. Pa nkhondo ya ku Vietnam, asilikali ambiri a ku America adalowerera mankhwala ozunguza bongo a heroin. M'chaka cha 1971 boma lawo lidachita mantha kuti abwerera kwawo ali akapolo a mankhwalawo, ndipo lidapempha katswiri wina, mayi Lee Robins, kuti awatsatire. Iye adapeza kuti msilikali mmodzi mwa asanu adali atakodwa ali ku Vietnam. Koma mwa okodwawo, amene adakodwanso m'chaka choyamba atabwerera kwawo adali pafupifupi asanu okha pa 100 alionse. Ambiri adasiya popanda chithandizo chachikulu. Chidasintha ndi malo: anzawo osuta nawo, mantha a nkhondo, kusungulumwa ndi mankhwala otchipa, zonse zidatsala kutsidya kwa nyanja.

Nkhani ya munthu wa ku Chigwa ndi yosemphana ndi imeneyi. Iye kumene amapita mwezi umodzi ndiko kopanda mowa, kwawo ndiko kunkhondo. Ku Lilongwe wanenepa, khungu lasalala, akugona bwino, walemba m'kope zolinga zake. Minibasi ikangomutsitsa pa Nchalo kapena pa Bangula, zonse zili pomwe adazisiya. Mayi wotcheza kachasu ali nyumba yachitatu kuchokera kwawo, ndipo mwina ndi azakhali ake, amene kachasu yemweyo ndiye akulipirira ana sukulu. Ngongole yake ya mowa idakalembedwa. Anzake a pa siteji ya kabaza amulandira ndi mawu akuti, "Achimwene mwabwera? Imodzi yokha yokulandirani." Kukana pamenepo ndi kunyoza, ndipo amene wakana amatchedwa wodzimva. Ntchito mwina yapita. Munda mwina uli pansi pa mchenga, monga mmene idakwiririkira minda yambiri ndi madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023. Masana ndi aatali, kukutentha, palibe chochita, ndipo mthunzi wokhala ndi anthu ocheza nawo ndi wa pa mowa.

N'chifukwa chake kubwerera ku mowa sikuyenera kudabwitsa munthu. Madokotala ena a ku America, polemba m'chaka cha 2000, adaonetsa kuti mwa anthu 100 olandira chithandizo cha uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo, 40 mpaka 60 amayambiranso, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwenikweni ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amabukanso. Wa BP akadwalanso timamubwezera kuchipatala. Chidakwa chikagwa timati ndalama za ng'ombe zija zidapita pachabe, n'kuchisiya. Ine ndimaona kuti kulakwa kwathu kwagona apa: timaika chuma chonse ndi chiyembekezo chonse pa mwezi wa kumtunda, osasunga kalikonse ka miyezi khumi ndi umodzi ya kuchigwa.

Zimene chigwa chili nazo kale

Ena anganene kuti yankho ndi kumanga malo ogonera ku Ngabu kapena ku Bangula. Atamangidwa tingakondwe, chifukwa alipo anthu amene sangasiye ali pakhomo: amene agwapo khunyu la mowa, amene alibe wowasamala, amene mowa wasakanikirana ndi matenda a maganizo. Koma mabedi makumi awiri sangakwanire maboma awiri okhala ndi anthu opitirira 800,000. Ntchito yaikulu iyenera kuchitikira kumene anthu akukhala.

Chitsanzo tili nacho pafupi, ndipo n'cha matenda ena. Pamene ma ARV adayamba kuperekedwa ulere m'Malawi m'chaka cha 2004, anthu ena kunja ankati osauka a kumudzi sangathe kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wawo wonse. Adanama. Wodwala ankabwera ndi womuyang'anira wa m'banja, ankalembedwa m'kaundula, ankapatsidwa tsiku lobweranso, ndipo akajomba alangizi a zaumoyo ankamulondola kumudzi. Kutsidya kwa malire, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, bungwe la Médecins Sans Frontières lidayambitsa mu 2008 timagulu ta odwala okhala moyandikana, osapitirira asanu ndi mmodzi, amene ankasinthana kukatengerana mankhwala ndi kulimbikitsana. Njirayi idafika ku Thyolo ndi madera ena a kuno. Uchidakwa nawo ndi matenda a moyo wonse, ofuna kaundula, womuyang'anira, tsiku lobweranso ndi kagulu. Ndipotu anthu ake nthawi zambiri ndi omwewo, pakuti mowa ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimajombetsa anthu ku ma ARV ndi ku mankhwala a chifuwa chachikulu. Bungwe la WHO lili ndi mafunso khumi, otchedwa AUDIT, amene namwino angafunse m'mphindi zochepa kuti adziwe amene mowa wamufika pakhosi.

Mipingo nayo yakhala ikuchita ntchitoyi osaitcha dzina. Wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene adakhala zaka zambiri m'chigwachi ndi kulemba za Mbona, adalembanso za kukula kwa mipingo ya Pentekoste ku Nsanje. Mipingo yotere, pamodzi ndi a Seventh Day, imaletsa mowa kotheratu. Munthu akalowa amapeza zimene malo ogonera amapereka mwezi umodzi: anzake atsopano, madzulo odzaza ndi kwaya ndi mapemphero, ndi chifukwa chomveka chokanira. "Ndinapemphera" ndi yankho limene ngakhale pa shabini amalilemekeza. Vuto limabwera mpingo ukamaletsa mankhwala a kuchipatala, kapena ukamadula munthu tsiku limene wagwa, pamene ndi tsiku lomwe akuufuna kwambiri.

Ndalama ndiye pena pofunika kukonzeratu munthu asanatsike basi. Kwa wodula nzimbe tsiku loopsa ndi la malipiro, kwa mlimi wa thonje ndi tsiku la msika, kwa msodzi ndi m'mawa uliwonse akagulitsa nsomba. Mabanja ena amagwirizana pamaso pa ankhoswe kuti kwa miyezi ingapo malipiro azifikira pa foni ya mayi, kapena azilowa ku banki m'khonde tsiku lomwelo. Izi zimayenda mosiyana. Kwa Amang'anja, kumene mwamuna amakhala pachikamwini, abale a mkazi ali pafupi ndipo mawu awo amamveka. Kwa Asena, kumene mkazi adalowoledwa n'kukhala kwa mwamuna, wofunika kumukopa ndi bambo kapena mkulu wake wa mwamunayo, chifukwa mkazi yekha akagwira ndalama amanenedwa kuti wadyetsa mwamuna mankhwala. Ndipo pamene pali nkhanza, chitetezo cha mayi ndi ana ndicho choyamba. Mkazi si chipatala.

Amayi omwa ndiwo obisika koposa. Mwamuna woledzera amaseketsa anthu pamsewu, mkazi woledzera amachititsa manyazi mtundu wonse, choncho amamwera m'nyumba, kawirikawiri pa ntchito yotcheza yomweyo, polawa ngati mutu wa kachasu watuluka bwino. Kuti achoke mwezi wathunthu kupita ku Lilongwe, ana asiyira yani, ndipo anthu akafunsa auzidwa kuti wapita kuti? Woyembekezera akamamwa, mowa umafika kwa mwana ali m'mimba n'kuononga ubongo wake moyo wonse. Malo amene mayi wotere amafikako kale popanda womuloza chala ndi ku sikelo, ndipo funso la mowa likhoza kufunsidwa kumeneko, chitseko chili chotseka, ndi namwino yemweyo amene amamuyeza magazi.